Za Kuyesa Bwato ndi Injini Yake: Mawu kwa Anthu a Kumtunda



Ndiyambe ndi kuvomera chimene ena a inu munanong'onezana pakhomo paja, kuti kukamba za mabwato mu Lusaka kuli ngati kuphunzitsa ulimi wa mpunga pamwamba pa thanthwe. Mzinda uno, umene unalandira ulemu wokhala likulu la dziko m'chaka cha 1935, unamangidwa pa chitunda chouma, mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndipo ulibe mtsinje woti munthu n'kupalasapo ngakhale bwato la khungwa. Madzi amene timamwa, ena amachita kukankhidwa ndi makina m'mipope kuchokera ku Kafue, ena timawasolola pansi pa nthaka. Kotero kuti mwana wobadwira ku Chelstone akhoza kufika pa msinkhu wokwatira, madzi ochuluka amene anawaonapo ali a m'thanki yaitali ija ya kwawo, kapena a m'maiwe a Goma ku Yunivesite, kapenanso aja amene amalowa m'nyumba za abale athu ku Kanyama mvula ikalimbika. Komatu kaimeni pa Kafue Roundabout Lachisanu masana, makamaka tchuthi chikayandikira, ndipo mudzaona mabwato akudutsa atakwezedwa pa ngolo zawo, ochokera ku Kabulonga, ku Woodlands ndi cha ku Leopards Hill, onse atalunjika kumwera, ulendo wa makilomita pafupifupi 200 wa ku Siavonga. Ndife anthu a kumtunda amene tayamba kukonda madzi titakula kale, ndipo chikondi chodza mochedwa, monga akulu adziwa, chimatha chuma kuposa cha paunyamata.

Masewera amene ana anu akuwalirira, amene kwawo amawatcha wakeboarding, ali otere: munthu amaima chammbali pa thabwa limodzi lalifupi, mapazi ake ali m'nsapato zomangiriridwa pa thabwalo, nagwira chingwe cha mamita 18 kufikira 23 chimene bwato likukoka, ndipo pamene bwato ling'amba madzi ndi kusiya mizere iwiri ya mafunde m'mbuyo mwake, iye amapita uku ndi uku, nakwera funde limodzi monga mwana akwera chulu ali pa liwiro, nalumpha m'mwamba, nakatera kuseri kwa funde linalo. Kukokedwa ndi bwato si chinthu cha dzulo, pakuti mnyamata wina wa ku Minnesota, Ralph Samuelson, anayamba kutero pa matabwa awiri m'chaka cha 1922; koma thabwa limodzili linafala m'zaka za m'ma 1980, pamene Tony Finn wa ku California anayamba kugulitsa lake lotchedwa Skurfer mu 1985. Wa matabwa awiri uja amafuna liwiro ndi madzi osalala, ndipo funde ndi mdani wake. Wa thabwa limodzi amafuna funde lalikulu ndi lolimba, pa liwiro lofatsa la makilomita 30 kufikira 38 pa ola, limene ngakhale minibasi yodzaza ya ku Kabwata ingalipitirire osalira.

Apa ndi pamene munthu wa mu Lusaka amasochera, pakuti iye anazolowera galimoto, ndipo akafika pa bwalo la wogulitsa, nasisita m'mbali mwa bwato lonyezimira, funso lake loyamba limakhala lakuti, “Limathamanga bwanji?” Wogulitsa, amenenso ali ndi ana ofuna fizi, amamuyankha chimene afuna kumva. Koma bwato la masewerawa ndi ng'ombe ya pa goli, ntchito yake ndi kunyamula katundu wolemera ndi kuzula munthu m'madzi. Ndipo funso loyenera kutsogola ndi lakuti, kodi mudzakwera angati, ndipo mudzanyamula chiyani? Mudzakumbukira kuti ngakhale Nowa, amenenso anali munthu wa kumtunda monga ife, sanayambe ndi kudula mitengo. Anayamba wadziwa za katundu wake, banja la anthu asanu ndi atatu ndi zamoyo zonse zija, ndipo miyeso ya mikono 300 m'litali, 50 m'lifupi ndi 30 msinkhu inali yolingana ndi katunduyo. Ife timachita mozondoka: timagula chingalawa choyamba, kenaka n'kumadabwa kuti apongozi ndi adzukulu awo akhala pati.

Ndiloleni ndikhalitse pang'ono pa mmene bwato limayendera, chifukwa amene wamvetsa ichi sadzanamizidwanso ndi wogulitsa aliyense. Bwato likamayenda pang'onopang'ono limakhala m'kati mwa madzi, likuwakankha ndi chifuwa chake monga mvuu ichitira, ndipo limadziunjikira phiri la madzi patsogolo pake. Woyendetsa akawonjezera moto, mphuno ya bwato imanyamuka kuloza kumwamba, kumbuyo n'kumira, ndipo pa kanthawi ameneko bwato limakhala likukwera phiri lomwe ladzipangira lokha. Injini ikakhala ndi mphamvu yokwana, limakwera mpaka pamwamba, mphuno n'kutsika, n'kuyamba kutsetsereka pamwamba pa madzi mopepuka. Kukwera phiri kumeneko ndiko kumafuna mphamvu zambiri kuposa china chilichonse pa ulendo wonse. Tsono taonani tsoka la masewera athuwa: liwiro limene wa pathabwa alifuna lili pamwamba pang'ono chabe pa phiri lija, pamene bwato likadali ndi mtima wofuna kubwerera pansi, ndiponso kumbuyo kuli munthu wa makilogalamu 70 kapena 80 amene, akatsamira pa chingwe kuti adule funde, amalikoka bwato monga nkhunzi yokana kulowa m'khola. Injini yochepa mphamvu imalira, mphuno ya bwato imakhala m'mwamba kotero kuti woyendetsa saona kutsogolo, liwiro limakwera ndi kutsika, ndipo mwana wanu amamwa madzi a Zambezi mpaka mimba tolotolo asanaimirire ndi kamodzi komwe. Ine ndinaziona izi ndi maso anga zaka zapitazo, pamene ndi mlamu wanga tinagula bwato lakale la mamita asanu ndi injini ya akavalo 40, poti mtengo wake unali wokoma m'makutu. Tinali anthu asanu m'bwato, mphwanga ali kuchingwe, ndipo tsiku lonse tinalima nyanja ngati pulawo, mpaka dzuwa kupendeka, mnyamata uja osatuluka m'madzi kupitirira m'chiuno. Madzulo ake palibe anayankhula ndi mnzake.

Funde nalonso lili ndi chiyambi chake. Kukula kwa funde kumachokera ku kulemera kwa bwato ndi kaumbidwe ka mimba yake, pakuti madzi amene bwato lawakankha ndiwo amabwerera kudzaima m'mbuyo. Ndicho chifukwa chake mabwato opangidwira masewerawa, monga a MasterCraft, Malibu ndi Nautique a ku America, amene utali wawo umayambira pa mamita 6 kufikira 7 ndi theka, ali ndi matanki m'mimba mwawo amene amadzazidwa ndi madzi a m'nyanja momwemo kuti bwato lilemere dala. Ndipo popeza lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, bwato limene lamwa malita 1,000 lasenza tani yathunthu pamwamba pa matani ake awiri kapena kuposerapo. Kuti chinthu chotere chikwere phiri lija, amachiikira injini ya m'kati, ya V8, yomwa petulo, ya akavalo oyambira pa 350 kunka m'tsogolo. Munthu akamva chiwerengero chimenechi amayesa kuti ndi cha liwiro, pamene kwenikweni ndi cha kusenza.

Mawu awa akuti akavalo, amene amakaniko athu a ku Kamwala amati mahosipawa, anatisiyira ndi James Watt wa ku Scotland, amene pofuna kugulitsa makina ake a nthunzi anawayerekeza ndi akavalo amene anthu anali kuwadziwa kale. Kavalo mmodzi ndi mawati 746, kotero kuti ketulo yanu ya magetsi ya mawati 2,000, pa masiku amene magetsi alipo, imatulutsa mphamvu ya akavalo pafupifupi atatu.

Tsopano tulutsani mapensulo, pakuti masamu ake ndi oti mwana wa giredi 7 angawathe. Anthu ozolowera mabwato ali ndi muyeso wawo wa pakamwa, wakuti kavalo mmodzi asenze makilogalamu 11 kufikira 18 a bwato lodzaza. Si lamulo la Amedi ndi Aperisi, koma limamuika munthu pa njira. Tiyerekeze bwato la mamita 5 ndi theka, lolemera makilogalamu 800 lili lokha. Injini yomangirira kumbuyo tiiyese 200. Petulo wa malita 100 ndi makilogalamu ngati 75. Anthu asanu ndi mmodzi, ena onenepa ena owonda, tiwayese 450. Bokosi la zakumwa, nangula, batire, zingwe ndi matabwa, 75. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 1,600. Mukagawa ndi 18 mupeza akavalo ngati 90. Mukagawa ndi 11 mupeza ngati 145. Munthu wofuna kungoyenda ndi banja kukaona dzuwa likulowa, kapena kukawedza mcheni, akavalo 90 amukwanira; koma wofuna kuzula munthu m'madzi ayandikire kumtunda kwa muyesowo, pa 130 kufikira 150. Ndipo powerenga anthu musadzinamize. Pa bwalo la wogulitsa mudzati ndinu anayi, inu, amayi a kunyumba ndi ana awiri; koma ndani wa ife, wobadwa mwa Achewa, Ansenga, Angoni kapena Atumbuka, amene anapitapo ku Siavonga pa Khirisimasi ndi anthu anayi okha? Werengani msuweni, werengani mwana wa achemwali amene mukumulera, werengani ndi mnzanu wa kuntchito amene adzangotulukira pa gombe atavala kale kabudula.

Pali chinthu china chimene timabuku ta opanga injini sitinena mokweza, chifukwa iwo amayesa injini zawo pa msinkhu wa nyanja ya mchere, pamene mpweya uli wokhuthala. Injini imapuma monga munthu, ndipo ikakwera kumtunda imachita befu. Pa mamita 300 alionse okwera imataya magawo atatu mwa 100 a mphamvu yake, kupatula zija zokhala ndi makina okankhira mpweya. Nyanja ya Kariba ili pa mamita ngati 485, choncho kumeneko mutaya magawo asanu. Koma ku Kafue ndi ku Itezhi-Tezhi, kumene kuli pafupifupi mamita 1,000, mutaya magawo khumi, ndipo injini imene munalipira ngati ya akavalo 150 idzakugwirirani ntchito ya akavalo 135. Onjezanipo kutentha kwa chigwa cha Gwembe mu Okutobala, pamene mpweya umapepukirako, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake bwato limene mnzanu analiyesa ku Durban nalitama, lafika kuno laulesi.

Wina adzati, ngati ndi choncho ndigula injini yaikulu koposa, ndithane nazo. Ayi, bambo. Bwato lililonse lopangidwa mwadongosolo lili ndi kachitsulo kokhomedwa pafupi ndi chiwongolero kapena kumbuyo, kolembedwa akavalo amene lingalandire ndi anthu amene linganyamule, ndipo malire amenewo anawaika anthu amene anayesa kulimba kwa khoma la kumbuyo limene injini imapachikidwapo. Mukapitirira, khomalo limayamba ming'alu imene simuiona mpaka tsiku loipa. Kumbuyo kumalemera, kotero kuti mukaimitsa bwato mwadzidzidzi funde lanu lomwe limakulondolani ndi kulowa m'kati. Ndipo pa liwiro lalikulu bwato limayamba kudzandira uku ndi uku ngati woledzera. A inshuwalansi nawo, akapeza kuti munapitirira muyeso wa kachitsuloko, ali ndi chifukwa chokukanirani. Bwato la kaunjika limene kachitsulo kake kanachotsedwa kapena kupakidwa penti, lisiyeni pomwepo, ngakhale likongole chotani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musanataye ndalama pa injini yatsopano, yambani mwayang'ana propela, pakuti kachinthu kakang'ono kameneka ndiko giya ya bwato. Propela ya masamba opendekeka kwambiri ili ngati giya yapamwamba, yabwino pothamanga koma yofooka ponyamuka. Ya masamba opendekeka pang'ono ili ngati giya yoyamba, imene lole imakwerera phiri. Injini zambiri zomangirira kumbuyo za masiku ano zinapangidwa kuti, mukatsegula moto wonse, zizungulire pakati pa 5,000 ndi 6,000 pa mphindi, ndipo kabuku ka injini yanu kadzakuuzani malire ake enieni. Ngati bwato lodzaza silifikitsa pamenepo, propela yakula, ndipo kuisintha ndi yocheperapo kungachiritse nthenda imene munayesa kuti ifuna injini ina. Tikanadziwa zimenezi ine ndi mlamu wanga, mwina mnyamata uja akanaimirira, ife atatu titatsikira pa gombe.

Ndabwera tsopano pa kukula kwa bwato, ndipo apa madzi athu ali ndi mawu awo. Kariba si dziwe. Khoma lake linatsekedwa kumapeto kwa 1958, madzi nadzaza kufikira 1963, nakuta chigwa chimene Atonga okwana 57,000 anasamutsidwamo, nasanduka nyanja ya makilomita oposa 220 m'litali, imene m'malo ena m'lifupi mwake mupitirira makilomita 30. Mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala, ndi anamondwe a nthawi ya dzinja amene amadza osagogoda, amautsa mafunde afupiafupi ndi osongoka, amene amamenya bwato laling'ono motsatizana osalipatsa mpata wopuma. Inu amene kwanu ndi ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay mukudziwa chimene mwera umachita, ndipo mphepo ya kuno si mlongo wake wofatsa. Bwato losafika mamita asanu, la m'mbali mwaufupi, ndi la m'makhwawa otetezeka basi. Ndiponso mabwato a masewera aja, akamwa tani yawo ya madzi, amakhala pansi kwambiri, mphuno ili pafupi ndi madzi. Anapangidwira nyanja zazing'ono zabata, ndipo woyendetsa wanzeru pa Kariba amataya madzi a m'matanki akangoona mtambo wakuda cha ku Matusadona.

Pansi pa nyanjayo pali nkhalango. Malo ena analambulidwa madzi asanafike, kuti asodzi adzaponye makoka, koma mbali yaikulu mitengo inamizidwa ili chiimire, ndipo tsanya, umene kuno timautcha mopane, suwola msanga. A Zambezi River Authority, amene likulu lawo lili pomwepa ku Kariba House pa Cha Cha Cha Road, amayendetsa nyanjayi pakati pa mamita 475.5 ndi 488.5, ndiko kuti madzi akhoza kukwera ndi kutsika mamita 13. Mtengo umene chaka chino uli pansi patali, chaka cha chilala, monga cha 2024 chimene tonse tinachimva ndi mdima m'nyumba zathu, umakhala utabisala chala chimodzi pansi pa madzi, ukudikira propela yanu. Injini yomangirira kumbuyo mukhoza kuitukula pa malo osaya, ndipo ikagunda chitsa kawirikawiri imadumpha, n'kuwonongeka propela kapena mwendo wake wa pansi. Ya m'kati ija, chitsulo chake chozungulira, propela ndi tsigiro zili pansi pa mimba ya bwato, zosatukulika. Ikagunda, mwapinda chitsulo, mwinanso mwaboola bwato. Ndipo pamene makaniko wodziwa Yamaha, Mercury kapena Suzuki mudzam'peza mu Lusaka ndi ku Siavonga komwe, zipangizo za V8 ya ku America mudzazidikira kuchokera ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja, tchuthi chikutha, ana akukuyang'anani. Kunena chilungamo, ya m'kati ili ndi ubwino wake waukulu, wakuti propela ili kutali ndi miyendo ya munthu wokwera kuchokera m'madzi. Ndipo masewera ena, oyandama pa funde pafupi penipeni ndi bwato popanda chingwe, asayesedwe konse kumbuyo kwa injini yomangirira.

Koma bwato la munthu wa mu Lusaka limakhala masiku ambiri pa matayala kuposa pa madzi, ndipo muyeso wake woyamba ndi geti la kunyumba. Bwato la mamita 6 likakwera pa ngolo yake, pamodzi ndi mkono wokokera ndi injini yolendewera kumbuyo, limafika mamita 7 ndi theka kapena 8, ndipo m'lifupi mwake muli mamita awiri ndi theka. Ku Kabulonga, kumene mabwalo anayesedwa m'masiku a atsamunda ndi dzanja lopatsa, zimenezi si kanthu. Koma ku Chelstone kapena ku Kabwata, kumene galimoto yomwe imalowa mopumira m'kati, ndikudziwa nyumba imene mpanda wake unagumulidwa Loweruka lina m'mawa, anansi ataima m'misewu akuonerera. Kenaka pali msewu. Mukawoloka mlatho wa Kafue ndi kutsata njira ya ku Chirundu, mumayamba kutsika mapiri, kuchokera pa chitunda chathu kunka m'chigwa, pakati pa malole olemera opita kumalire. Ndipo amene anatcha malo ena pamenepo Kapiringozi sanali kuchita nthabwala. Magalimoto ambiri a double cab amene tili nawo saloledwa kukoka zoposa matani atatu ndi theka, ndipo apo ndi pamene ngolo ili ndi mabuleki akeake. Yopanda mabuleki malire ake ndi makilogalamu 750. Bwato lenileni la masewera pamodzi ndi ngolo ndi mafuta limayandikira matani atatu, galimoto ili yodzaza kale ndi anthu ndi mbaula. Potsika, katunduyo amakukankhani. Pobwera Lamlungu madzulo, amakukokerani m'mbuyo, injini ya galimoto ikutentha.

Za mafuta ndinena mwachidule, popeza walira mvula walira matope. Injini ya petulo ikatsegulidwa moto wonse imamwa pafupifupi lita imodzi pa akavalo atatu alionse pa ola: ya akavalo 150 imwa malita 50 kapena kuposerapo, ya 400 ipitirira 130. Pokoka munthu simutsegula moto wonse, choncho mudzamwa zocheperapo. Koma injini yaing'ono imene ikulira tsiku lonse pa malire a mphamvu yake ikhoza kumwa mofanana ndi yokulirapo imene ikugwira ntchito mopuma, ndipo idzakalamba msanga. Mtengo wa lita mukuudziwa kuposa ine. Muchulukitse nokha kunyumba, amayi ali pomwepo.

Sindingakhale pansi osanena za eni madzi. Woyamba ndi ng'ona. Wa pathabwa amagwa, ndiyo mbali ya masewerawo, ndipo akagwa amayandama yekha kufikira bwato litazungulira kudzam'tola. Palibe munthu woona mtima amene angakulonjezeni kuti malo akutiakuti pa Kariba mulibe ng'ona. Amene amasewera kumeneko amapita pa madzi akuya, kutali ndi gombe, ndi mabango, ndi pamene mitsinje imathira, ndipo amapewa mbandakucha ndi chisisira. Amafunsanso anthu a pamalopo tsiku lomwelo, pakuti safunsa anadya phula. Pa mtsinje wa Kafue ndi pa Zambezi wa kumunsi kwa Chirundu, kumene mvuu ndi ng'ona zili ngati mbuzi pa mudzi, ine mwana wanga sindingamuike pa chingwe, ndipo wanunso ndikupemphani musatero. Pa chifukwa chomwechi m'bwato mukhale munthu wachiwiri amene maso ake sachoka pa wokokedwayo, ndipo bwato likhale loti litembenuke msanga; chingwe chozimitsira injini chikhale chomangidwa pa dzanja la woyendetsa, ndipo injini izimitsidwe munthu asanayandikire kumbuyo kuti akwere.

Eni madzi achiwiri ndi asodzi. Funde limene mwalipira ndalama zambiri kuti likule silitha pamene mwana wanu walumpha. Limapitirira mpaka ku gombe, ndipo pa njira limakumana ndi bwato la mtengo la Mtonga amene akuwonjola ukonde wake, m'mbali mwa bwato lake mutatsala chikhatho chimodzi kuti madzi alowe. Makolo a munthu ameneyo anali m'chigwachi nyanja isanabadwe. Limakumananso ndi zombo za kapenta zimene zimapuma masana pa nangula, zitagwira ntchito usiku wonse ndi nyali zawo. Bwato likakula, mtunda umene muyenera kuwatalikira ukulenso. Ndipo amene amayesa jekete yoyandamitsa chinthu chochititsa manyazi, kapena amene amati mwana mmodzi woonjezera salemera, akumbukire tsiku la 24 Okutobala 2014, pamene dziko lonse linali kukondwerera zaka 50 za ufulu, ndipo bwato linagubuduzika pa Kariba m'boma la Gwembe, anthu 26 natsikira kuli chete, ambiri a iwo ana a sukulu opita ku chikondwerero chomwecho. Boma lili ndi nthambi yoona za maulendo a pamadzi, imene imalemba ndi kuyendera mabwato. Pitaniko musanaponye lanu m'madzi.

Mwandifunsa maganizo anga, ndipo sindibisa. Kwa banja la mu Lusaka limene lipita kunyanja kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa chaka, likukoka bwato lake lokha, ndikadasankha la mamita 5 ndi theka kufikira 6, la mimba yakuya ndi m'mbali mwamutali, ndi injini yomangirira kumbuyo ya akavalo 115 kufikira 150 monga kachitsulo kalolera, propela yofatsa, ndi chitsulo chachitali chomangapo chingwe kuti chikoke wa pathabwa chokweza m'mwamba. Ndikudziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo bwato lotere silidzapereka funde la mpikisano. Koma mwana wophunzira safuna funde la mpikisano, limangomuopsa, ndipo matumba awiri a madzi oikidwa pansi m'bwato, owerengedwa pamodzi ndi katundu yense, adzam'kwanira zaka zingapo. Tsiku lotsatira agogo ake akhoza kukawedza m'bwato lomwelo. Lalikulu lija la V8 ndi la anthu amene ali ndi posungira ku Siavonga komweko, kapena a mabanja angapo amene asonkherana, nagwirizana polemba za mafuta ndi zokonzetsa chibale chisanaphwanyike.

Chilichonse chimene mungasankhe, musapereke ndalama bwato lili pa ngolo. Pitani nalo kumadzi, mudzaze thanki, mukweze anthu onse amene munawawerenga aja, msuweni ndi mnzanu wa kabudula yemwe. Musankhe masana kukutentha, osati m'mawa kukuzizira. Muike kuchingwe munthu wolemera koposa pa banja lanu, ndipo muwerenge masekondi kuchokera pamene mwatsegula moto kufikira mphuno ya bwato itatsika. Ikatsika msanga, yendani pa makilomita 32 pa ola, wa pathabwa adule funde uku ndi uku, muone ngati liwiro likhazikika popanda dzanja lanu kuvina pa chotsegulira moto. Mukatero zimitsani, mutsegule pansi, muone ngati mwalowa madzi. Wogulitsa amene akana ulendo umenewu, ponena kuti Siavonga ndi kutali, muuzeni kuti mafuta a galimoto mulipira ndinu. Akakanabe, mum'tsanzike mwaulemu.

Wapampando, ndaona kuti a kukhitchini aima pakhomo kawiri tsopano. Mayi amene anandifunsa tisanayambe za injini yakale yosakaniza petulo ndi oyilo, imene malume awo anawasiyira, andipeze pa tiyi, ndipo ngati anakumbukira kulemba nambala ya pa injiniyo abwere nayo.